Motoka ya ba Dalton yoyaka usana

Tsiku loyamba limene ba Dalton Nsofwa anatuluka ndi malaiti awo atsopano, anabwerera kunyumba ndi maliro a munthu wosamudziwa.

Linali Lachiwiri mu Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale agalu a mu komboni yathu ya George amasiya kuuwa. Ba Dalton ankachokera ku Matero kokaona firiji ya munthu. Kutsogolo kwa motoka yawo, Korola yakale yamtundu wa phulusa, kunali timizere tiwiri ta malaiti oyera mbee, tomwe anamata okha dzulo lake. Atangolowa mumsewu waukulu anaona anthu akupatuka. Minibasi, yomwe sipatukira ngakhale ambulansi, inaima pambali. Bambo wina wogulitsa makala anavula chisoti. Amayi awiri anatula zigubu pansi n'kuweramitsa mitu. Ba Dalton anatsitsa galasi, natulutsa dzanja kuwapatsa moni onsewo. Mumtima ankati anthu a mu komboni ayamba kuzindikira ntchito yabwino.

Kumbuyo sanayang'ane. Kagalasi koonera kumbuyo kanathyoka chaka chatha ndipo kakudikirabe tsiku lake. Kumva sanamvenso kanthu, chifukwa wailesi ya m'motokamo, yomwe anaikonzanso okha, inatsala ndi mawu amodzi basi, okuwa.

Kumbuyoko kunali Kanta, lole yaing'ono, yodzaza amayi ovala yunifomu ya tchalitchi, atakhala mozungulira bokosi. Maliro ankachokera ku Chawama kupita kumanda a Chingwere, koma pa maloboti motoka zakutsogolo zinawathawa, ndipo woyendetsa Kanta njira sankaidziwa. Ataona motoka yoyatsa malaiti dzuwa likuswa mtengo ikutulukira m'kamsewu kam'mbali, anati abale atumiza munthu wodzawatsogolera. Anaipatsa mpata, naitsatira. Sanalakwe iye. Mu Lusaka ngakhale mwana wa Giredi 1 amadziwa kuti motoka yoyatsa malaiti usana yatsogolera maliro.

Anadutsa pa kiyosiki ya madzi, nakhotera m'kanjira kathu, amayi akuimba nyimbo ija yotsika imene imaimitsa tsitsi. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wa ba Dalton, ndipo ndinali panja. Ndinaona iwo akutsika mokondwa, akupukuta fumbi pa malaiti ndi mpango, kenako akutembenuka.

"Bosi," anafunsa woyendetsa Kanta, "nanga kumanda ni kuti?"

"Kumanda kwa ndani?"

"Si ndimwe mwatitenga pa maloboti?"

"Ine? Apa ni panyumba panga, mwana!"

Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Ndiye kanjira kathu n'kopanikizika, Kanta singatembenukiremo. Panalibe kuchitira mwina koma kutsegula geti la ba Dalton kuti ilowetse msana, ituluke, ilowenso. Ndinawerenga ndekha: bokosi lija linalowa pabwalo la ba Dalton katatu. Ba Rosemary, akazi awo, anali pa chingwe choyanikira zovala, mapegi ali kukamwa, ndipo anakhala choncho osawalavula. Pakhonde, pampando wake wamasiku onse, panali bambo awo a ba Rosemary, ba Kombe, amene mbali imodzi ya thupi inafa ndi sitiroko zaka ziwiri zapitazo. Nkhalambayo inayang'ana bokosi likulowa, likutuluka. Kanta itayamba kuchoka, anakweza dzanja lawo lamoyo lija pang'onopang'ono, ngati munthu woimitsa basi.

Pa kiyosiki, tsidya la kanjira, amagulitsapo madzi ndi ba Namukolo, mayi amene sanabwezepo mawu kukhosi chibadwire. Anatseka mpopi, nanena mokweza kuti tonse timve: "Maliro sasokera, mwandi. Yabwera kuona geti."

Kuti mumvetse chifukwa chake malaiti aja sanachotsedwe tsiku lomwelo, muyenera kuwadziwa ba Dalton.

Anabadwira ku Mufulira, ndipo anabwera mu Lusaka ali mnyamata, ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi china cha masipanala. Cha masipanala ndicho chinali cholemera. Zaka zambiri anagwira ntchito yokonza zipinda zozizira m'mabutchala a m'tauni, ndipo ntchito itatha anatsegula kashedi pakhomo pawo. Firiji, ketulo, ayironi, fani, chilichonse chokhala ndi waya chimathera kwa ba Dalton. Ndi munthu wofatsa, wosamwa, wovala ovolosi yabuluu ngakhale pa tsiku la Khirisimasi. Pa firiji ndi katswiri ndithu, palibe amatsutsa. Vuto ndi loti amakhulupirira kuti chilichonse padziko lapansi ndi firiji yooneka mwina.

Ali ndi lamulo limodzi, ndipo amalinena ngati vesi: "Chamene dzanja langa lamanga, dzanja langa silimasula." Ndicho chifukwa chake belu la pageti pawo limalira munthu akalumikiza ayironi, zaka zisanu tsopano. Ba Rosemary anazolowera. Likalira amayamba ayang'ana ngati mwana wawo Tiza akusita, kenako ndi pomwe amapita ku geti.

Malaiti a usana anawaona pa motoka zazikulu za m'tauni, zija zoyenda zitatuzula maso oyera ngati mphaka. Anafufuza pa foni, napeza filimu ya munthu wina wakunja akuwaika pa motoka yake m'mphindi khumi ndi ziwiri. Anaionera kasanu ndi kawiri. Kenako anapita ku Kamwala, nabwerako ndi kakatoni kolembedwa Chitchaina. M'katimo munali timizere tiwiri tofewa ngati lamba, kabokosi kakuda kochepera bokosi la machesi, ndi mawaya atatu.

Ntchitoyo ndinaionera pampanda, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anatsuka bampa ndi sopo, napukuta ndi sipiriti kuti tepi igwire. Anayeza ndi rula, nalemba ndi pensulo, namata mzere umodzi pansi pa laiti yakumanja, wina pansi pa yakumanzere. Mawaya anawadutsitsa kuseri kwa bampa n'kuwamanga ndi tizingwe tapulasitiki kuti asakhudze injini yotentha. Wofiira anaumanga pa batire, ataikapo fyuzi pakati. Wakuda anaumanga pa bawuti ya thupi la motoka. Woyera anaulumikiza ku malaiti aakulu, kuti usiku aakuluwo akayaka, ang'onowa azime. Inali ntchito yaukhondo, ndisaname.

"Manje switchi ili kuti?" ndinafunsa.

"Palibe switchi, aneba. Nzeru zonse zili mu kabokosi aka. Kamamvera mphamvu ya batire. Injini ikalira, mphamvu ikwera, keve kayasha. Injini ikazima, mphamvu isika, keve kazimya. Sikafuna munthu."

Mawu otsirizawo anawanena monyada. Pambuyo pake ndinawakumbukira nthawi zambiri.

Madzulo a tsiku la Kanta, ba Rosemary anaima pafupi ndi motoka manja ali m'chiuno, naitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

"Bashi Tiza, chosani vinthu ivi."

"Bana Tiza, aya ni malaiti ya chitetezo. Motoka izioneka patali. Kumaiko kwa anzathu motoka iliyonse ili nayo."

"Kumaiko kwa anzathu kulibe Chingwere."

"Yaja yanali chabe masokonezo ya driver wosaziba njira."

"Atate ni odwala. Mwaona mwamene banaimikira kwanja?"

Anagwirizana pakati: malaiti sachoka, koma motoka situluka mpaka anthu aiwale. Ba Dalton anaiimika malo ake amasiku onse, mphuno itayang'ana zenera la chipinda cha apongozi awo, naitseka, makiyi m'thumba la ovolosi. Poti batire yake ndi yokalamba ndipo imafa motoka ikakhala osayenda, anatenga kasola komwe kali padenga la shedi, kotchajira mafoni magetsi akathima, nakokera waya wake mpaka ku batire. Waya anaudutsitsa pansi pa motoka mwaukhondo, moti sunkaoneka. Zimenezi anazichita Lachitatu, ndipo anaiwalako.

Chiyambire tsiku la Kanta, ba Kombe sanafunenso kukhala pakhonde. Ankagona m'chipinda chawo, katani itatsekedwa, akudya pang'ono. Munthuyu kale anali dalaivala wa malole a kumigodi, ndipo atapuma ntchito ndi iye ankayendetsa lole ya mpingo wawo pa maliro onse. Amati ananyamula anthu ambiri kupita nawo kumanda kuposa amene anapita nawo ku ukwati. Sitiroko inawasiyira mawu ochepa, mwina khumi, ndipo ankawagwiritsa ntchito mosamala.

Loweruka masana magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Amene sanakhalepo mu komboni magetsi atathima sadziwa kuti chete n'chiyani. Mawailesi zii, owotcherera mageti zii, chigayo zii. Umangomva malata akulira ndi kutentha. Ba Dalton anali atapita ku Matero wapansi. Ine ndinali pamthunzi ndikusenda chinangwa, pomwe ndinamva ba Rosemary akuitana ndi mawu ang'ono, osati okuwa, mawu a munthu woopa kudzutsa chinthu.

"Aneba. Bwerani muone."

Motoka inali pomwepo, yokhoma, magalasi otseka, fumbi la masiku anayi lili pa boneti. Mkati munalibe munthu. Injini inali zii. Malaiti anali kuyaka.

Tinawayang'anitsitsa. Sanali kuphethira kapena kunjenjemera. Ankangoyang'ana zenera la nkhalamba, phee. Ba Rosemary anandikoka dzanja mpaka pakhomo la chipindacho. M'katimo munali kamdima, ndipo pa katani panaoneka mizere iwiri yoyera. Ba Kombe, omwe m'mawa analephera kukweza mutu kuti amwe phala, anali atakhala tsonga pabedi. Maso ali pa katani. Dzanja lamoyo lija linali kuyenda m'mbali mwawo, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo. Ndinazindikira mochedwa kuti akusintha magiya.

"Tiyeni," anatero. Sankauza ife.

Kunja kamtambo kanaphimba dzuwa. Patapita kanthawi mizere ija inazima, ndipo nkhalambayo inagonanso pang'onopang'ono, ngati wina waitsitsa.

Ba Dalton atabwera anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Anatsegula boneti, nayeza fyuzi, nagwedeza mawaya, nagogoda kabokosi ndi chala. Zonse zinali bwino. Dzuwa linali litapendeka ndipo malaiti anali ozima. "Mwaona chabe dzuwa pa pulasitiki," anatero. Mawa lake, Lamlungu, anthu akuchokera ku tchalitchi, anayakanso. Nthawi imeneyi ba Dalton anali ataima pomwepo, makiyi ali m'manja. Anayang'ana makiyi, nayang'ana motoka, nayang'ananso makiyi.

Pofika Lachiwiri George yense anali atamva. Malaiti ankayaka dzuwa likafika paliwombo, n'kuzima likapendeka, tsiku ndi tsiku. Anthu anasiya kudutsa m'kanjira kathu masana. Amene ankabwera kudzatunga madzi kwa ba Namukolo ankaima chofulatira geti la ba Dalton. Nkhani zinamera ngati bowa. Ena amati motokayo anaigula kwa mkazi wamasiye mwamuna wake asanathe mwezi m'manda. Ena amati kabokosi kaja sikanachokere ku Kamwala. Mayi wina analumbira kuti anaona munthu wovala jekete lakuda atakhala kumpando wakumbuyo, akudikira. Mawu oti satanisiti anayamba kumveka, poyamba monong'ona, kenako poyera. Bambo wina anabwera ndi wilibala kudzatenga firiji yake isanakonzedwe. Anati bola nyama iwole. Tsiku lina masana mwala unagwa padenga la shedi, ndipo woponya sanaoneke.

Nkhani yake inali yosavuta kuimva, ndipo tonse tinkaidziwa. Ba Kombe ankafooka tsiku ndi tsiku. Akanati amwalire malaiti aja ali pa motoka, ba Dalton akanakhala munthu amene anaitanira apongozi ake maliro. Dzina lotere mu komboni silichoka ndi sopo. Palibe angakubweretserenso ngakhale ketulo, ndipo alamu ako amabwera kudzatenga mlongo wawo ndi ana omwe.

Ba Rosemary anayesa kupempha. "Bashi Tiza, nagwada. Ni mawaya chabe atatu."

"Nikachosa manje, ninshi navomera kuti ni zoona vamene bakamba. Lekani nipeze chamene chilengesa. Chilichonse chili na chifukwa."

Anafufuza masiku atatu. Anamasula wailesi, anayang'ana alamu yoopseza akuba yomwe inafa kalekale, anasintha fyuzi yabwinobwino. Anaonda. Ndinawapeza m'mawa wina atakhala pa ndowa yovundikira, akungoyang'anizana ndi motoka yawo ngati anthu awiri okwiyirana. Anandiuza motsitsa mawu kuti chomwe chikuwasowetsa mtendere si anthu ayi, koma apongozi awo. Malaiti akayaka, nkhalambayo imadzuka n'kuyendetsa lole yake, ndipo tsiku lililonse ulendowo umatalikirako. Dzulo lake anamva akutchula mayina a malo, limodzi limodzi, a mumsewu wopita ku Chingwere. Anali atafika pa mphambano yomaliza.

Loweruka lotsatira kunabwera ba Webster, mchimwene wawo wa ba Rosemary, wochokera ku Chaisa, dikoni wa mpingo wina wa Pentekosite, munthu wa khosi lalikulu ndi Baibulo lokhala ndi zipi. Anabwera ndi akulu awiri a banja, ndi kathumba kopanda kanthu komwe anakaika poonekera, kuti mlongo wawo alongedzemo zovala nkhani ikavuta. Anandiitana ngati mboni. Ba Namukolo sanaitanidwe, koma anabwera ndi mpando wawo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, motoka ili pambali pathu. Ba Webster anayamba ndi pemphero lalitali, kenako anati: "Mulamu, ise sitinabwere kukangana. Tiuzeni chabe. Muwafuna chani atate?"

Ba Dalton anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Nthawi yomweyo malaiti anayaka.

Mkulu mmodzi anagwa chagada ndi mpando womwe. Ba Webster anaimirira, Baibulo patsogolo ngati chishango. M'nyumba tinamva bedi likulira, nkhalamba ikudzuka. Koma ba Dalton sanayang'ane motoka. Pothawa maso a alamu awo anali atayang'ana kumwamba, ndipo kumwambako anaona kasola kaja padenga la shedi kakunyezimira, dzuwa litakamenya pamphumi penipeni. Nkhope yawo inasintha ngati ya munthu amene wapeza makiyi m'thumba lomwe wafufuzamo kakhumi.

"Sola!" anakuwa. "Ni sola! Bana Tiza, nipaseni chitenge!"

Anakwera padenga ndi makwerero, zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu zili pamsana, akufotokoza ali m'mwamba. Kasola kakhala kakudzaza batire pang'onopang'ono. Batire itadzaza, dzuwa la masana likakwera mphamvu imakweranso, ndipo kabokosi kamayesa kuti injini yalira. Kabokosi sikadziwa kusiyanitsa dzuwa ndi injini. "Onani!" Anaphimba sola ndi chitenje. Tinadikira. Malaiti anazima. Anavundukula, tinadikiranso, anayaka. Anachita zimenezi katatu, akuseka ngati mwana, thukuta lili chuchuchu.

Ine ndinamvetsa, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinayang'ana anzanga kuti tisekere limodzi. Palibe ankaseka. Kugeti kunali kutadzaza anthu, ndipo chomwe iwo anaona ndi ichi: munthu ataima padenga, kutali ndi motoka, akuiyatsa ndi kuizimitsa ndi chitenje cha mkazi wake.

"Mwaona?" anatero ba Webster motsitsa mawu. "Saigwira na kuigwira."

"Ni sayansi, mulamu! Waya ili pansi apo, yanganani!"

"Waya taiona. Manje n'chifukwa chani pa mazenera yonse ya nyumba ino, yasankha ya atate?"

"Ndiye pamene nimaimika motoka zaka zonse!"

"Nanga bokosi ija inabwera na sola?"

Pamenepo ba Dalton anatsika makwerero pang'onopang'ono. Ba Rosemary anali ataima pakhomo, ndipo kathumba kaja kanali m'manja mwawo. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Bashi Tiza, mwapambana. Ni sola. Manje sankhani."

Ndakhala nawo pafupi zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindinaonepo ba Dalton akumasula chinthu chomwe anamanga. Analowa mu shedi, natuluka ndi pulayasi. Anagwada kutsogolo kwa motoka, malaiti akuwawalira kumaso. Anadula wofiira. Anadula wakuda ndi woyera. Anamatula timizere tija, tepi ikulira ngati nsalu yong'ambika, nazula kabokosi, naika zonse m'chitini cha mabisiketi. Chitinicho anachipereka kwa akazi awo ndi manja awiri.

Ndiye m'chipinda muja munatuluka mawu, omveka bwino kuposa mawu alionse amene ba Kombe anayankhula m'zaka ziwiri.

"Nindani wazimya? Tikali panjira."

Ba Webster anatsegula zipi ya Baibulo, naitsekanso. Anthu a kugeti anabalalika mmodzimmodzi osatsanzika.

Ba Kombe sanamwalire mwezi umenewo. Anakwiya masiku anayi, osayang'ana mkamwini wawo, kenako anapempha tiyi ndi chitumbuwa. Pofika Novembala anali atabwerera pampando wawo pakhonde. Kathumba kanabwerera ku Chaisa kopanda kanthu. Bambo wa wilibala anabweza firiji yake, akunamizira kuti anangoitenga kukaitsuka. Ba Dalton anachotsa waya wa sola, ndipo anasintha kaimikidwe ka motoka. Anayamba kulowa chobwerera m'mbuyo, kuti mphuno isayang'anenso zenera la apongozi. Tsopano inkayang'ana kugeti, ndipo kupyola geti, khomo la ba Namukolo.

Nkhalambayo inapita mu Febuluwale, mvula ili pakati, masana, itangomaliza kudya. Inali imfa yoyera, yopanda wonena mnzake. Ba Webster eniake ndi amene anapempha kuti mulamu wawo atsogolere ulendo wa kumanda, kuti George yense aone kuti banja lilibe naye chifukwa. Ba Dalton anavomera, koma anati malaiti sayatsa, ngakhale aakulu, ngakhale ophethira aja. Anati anthu adzadziwa ndi nyimbo kuti ndi maliro.

Ine ndinakwera Kanta ya bokosi, kumbuyo kwenikweni kwa Korola. Kunali mitambo yakuda yokhayokha, dzuwa osaoneka ndi pang'ono pomwe. Njira yonse minibasi zinkapatuka, zisoti zinkavulidwa. Zimenezo sizodabwitsa, amayi ankaimba mokweza. Chomwe ndinaona n'choti anthu a m'mbali mwa msewu sankayang'ana ife a bokosi. Ankayang'ana kutsogolo kwa motoka ya ba Dalton. Ine ndinali kumbuyo, choncho sindinganene zomwe sindinaone.

Ba Namukolo anali atatsogola ndi minibasi yoyamba, ndipo anaima pachipata cha manda pomwe tinkafika. Iwo anaiona chakumaso. Akuti pansi pa malaiti aakulu ozima panali mizere iwiri yoyera mbee, ndipo inazima pomwe bokosi linatsitsidwa mu Kanta. Amayi ena atatu akunena chimodzimodzi. Ba Dalton akuti ndi zotsalira za tepi zimene zinkanyezimira ndi madzi a mvula. Titabwerera kunyumba, ba Rosemary anakwera pampando, natsitsa chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu. Zonse zinali momwemo, timizere tiwiri, kabokosi, mawaya oduka. Anatseka msanga, ndipo sananene chifukwa chake anapukuta dzanja pa chitenje.

Ba Dalton akukonzabe mafiriji. Belu likulirabe Tiza akamasita. Zotsalira za tepi anazipala ndi mpeni mpaka penti inachoka, ndipo tsopano pa bampa pali mizere iwiri ya chitsulo choyera, yomwe imaoneka bwino kuposa kale. Sabata yatha m'mawa ankatsuka motoka, geti lili lotsegula, ndipo anayamba kufotokozeranso ba Namukolo za mphamvu ya batire ndi dzuwa. Mayiwo anamvetsera mpaka chigubu chinadzaza, natseka mpopi.

"Ba Dalton, va sola namvera, ni nzeru zabwino. Manje motoka yanu iyo muziimika yolangana kwanu, osati kwanga. Ine nikalibe kukonzeka."